Lipoti la ulendo wa ku Phalombe kwa achinyamata anzanga

Abale ndi alongo mwaswera bwanji nonse. Ndati ndilembe pano kuti nonse mumve, ngakhale amene simudzakhalapo Lamulungu, poti transipoti yomwe ndinayendera munasonkha ndinu.

Tinanyamuka ku Limbe pa lole limodzi ndi achinyamata a mipingo ina, kudzera msewu wa Midima, kukhota pa Chitakale mpaka Phalombe, kenako cha ku Nkhulambe komwe namondwe wa Freddy anasakaza kwambiri mu Malichi 2023. Katundu wanu uja, zovala, sopo, ufa, mabaketi ndi klorini, tinagawa kudzera kwa amfumu ndi akulu ampingo a konko, malisiti onse ali kwa msungichuma.

Koma anzanga, zomwe tinkamva pa wailesi zija n'zochepa. Ife kuno tinaona za ku Chilobwe pomwe phiri la Soche linagumuka, koma kumene kuja minda yathunthu inakwiririka ndi mchenga ndi miyala, ukaponya khasu limangolira. Agogo ena anandigwira dzanja kunditengera pomwe panali nyumba yawo, pano pakhala chimwala chachikulu ngati minibasi, ndiye anangoti ana anga tipemphere pompano, tonse tinagwada pamchenga paja iwo n'kuyamba kutchula mayina a zidzukulu zawo mmodzimmodzi, ena mitembo yawo sinapezeke mpaka lero. Akuluakulu kumeneko amangoti napolo, ndipo amakumbukabe wa 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi.

Ntchito yathu yaikulu inali kuumba njerwa za nyumba za okalamba ndi amayi amasiye. Ena kuponda dothi, ena pa chikombole, ena kukatunga madzi pa mjigo pomwe mzere wake umayamba mbandakucha. Amayi a konko ankatiphikira nsima ya nandolo, tsiku lina mpaka kalongonda, anthu oti chakudya chawo chomwe n'chosakwana koma kukana kunali kosatheka. Madzulo mapemphero. Tinakonzekera kwaya ndi sewero, zinayenda bwino ndithu, komabe ndinaona kuti anthu ankafunitsitsa wina wokhala nawo pansi n'kuwamvera, moti ena ankatsala nafe mpaka usiku kungofotokoza za usiku umene madzi anabwera.

Chimodzi chokha chinandipweteka, ena mu gulu lathu ankajambula anthu akulandira katundu osapempha n'komwe, n'kuponya pa Facebook nthawi yomweyo. Mayi wina anabisa nkhope ndi chitenje. Chonde tikadzapitanso izi zisadzachitike.

Tsopano nkhani yeniyeni imene mwandituma. Pa msonkhano wotsekera tinakhala ndi amfumu, abusa ndi komiti ya m'mudzi, ndipo anathokoza kwambiri koma analankhula mosapsatira kuti zovala zakwana, magulu ambiri akhala akubweretsa zomwezo. Chimene chikuwasowetsa tulo ndi malata, misomali, simenti ya maziko, mbewu ya chimanga chocha msanga ndi ya mbatata, komanso anthu ogwira nawo ntchito. Njerwa taumba zija zikadali zidina, sizinaotchedwe, ndiye mvula ikangoyamba mu Novembala zisanalowe mu uvuni kapena nyumba zisanafoleredwe, zonse zibwerera kukhala matope ndipo agogo aja akhalabe m'chisakasa cha pulasitiki.

Ine maganizo anga ndi akuti kusonkha kaunjika kumene tinakonza mwezi wamawa kuja tikusiye, mphamvu zonse zipite ku malata, kaya titsuka magalimoto kaya tigulitsa mandasi pa geti la tchalitchi, ndipo tibwerere m'mudzi womwewu osati kukayamba kwina. Ndikudziwa ena mumafuna ulendo uno tipite ku Nsanje, nako mavuto alikodi, koma anthu awa atidziwa kale ndipo ntchito tinaisiyira panjira. Sikufunika chigulu, anthu ochepa okha odziwa kumanga ndi ukalipentala, ena tonse tithandize ndi ndalama ndi mapemphero.

Lamulungu tikaweruka mapemphero achiwiri tikhale pang'ono kuti tigwirizane chimodzi, bajeti ndibwera nayo nditafunsa mitengo ya malata ku Limbe. Amene mungakwanitse kupita perekani mayina kwa mlembi lisanafike Loweruka, kuti tiwadziwitse msanga amfumu tsiku loyatsa uvuni.