Lipoti la msonkhano wokambirana za kuchulukana kwa alendo m'mapaki

Kwa Wapampando ndi mamembala nonse a bungwe lathu la otsogolera alendo,

Munandituma ku msonkhano wa oyang'anira mapaki ndi eni makampani okopa alendo, ndipo nazi zomwe ndabwera nazo. Malonje ndi zolankhula za akuluakulu ndizidumpha, munalibe chachilendo.

Nkhani yomwe inatenga nthawi ndi ya mafomu aja timapatsa alendo pomaliza ulendo, ofunsa ngati akhutira. Akatswiri anati mafomuwa amatipusitsa. Malo angadzaze bwanji, anthu ambiri amalembabe kuti asangalala. Amene amadana ndi chigulu analeka kale kubwera, kapena anasamukira ku miyezi ina, ndiye fomu siwapeza. Otsalawo amangotsitsa zomwe amayembekezera. Komanso munthu amene wathera ndalama ndi tchuthi chake pa ulendo savomera msanga kuti wagwiritsidwa mwala. Choncho paki itha kumawonongeka pomwe mafomu akusonyeza kuti zonse zili bwino. Ine ndinagwirizana nazo, chifukwa ifenso timadalira mafomuwa mopitirira muyeso.

M'malo mofunsa kuti malo angalandire anthu angati, anatikumbutsa njira yotchedwa Limits of Acceptable Change (malire a kusintha kovomerezeka), yomwe nthambi ya nkhalango ya ku America inatulutsa mu 1985. Mumayamba mwagwirizana kuti malowo mukufuna azioneka motani, kenako mumasankha zoyezera: magalimoto angati pa nyama imodzi, mphindi zingati pa mzere wa pageti, tinjira takula bwanji chifukwa chopondedwa. Muyeso ukadumphidwa mumachitapo kanthu, osadikira madandaulo.

Zitsanzo zinalipo zambiri. Ku paki ya Zion, m'dziko la America, kuyambira mu 2000 alendo amasiya magalimoto awo nyengo yotanganidwa ndi kukwera mabasi a paki polowa m'chigwa. Utsi ndi kulimbirana poimika galimoto zinachepa, koma mzere unangosamukira pokwerera basi, ndipo mu 2022 anayamba kupereka zilolezo mwa maere kwa ofuna kukwera phiri la Angels Landing. Chaka chomwecho paki ya Arches, ya ku America komweko, inayesa zoti mlendo azisungitsiratu ola lolowera. Ku Thailand anafika potseka gombe la Maya Bay mu 2018, n'kudzalitsegulanso mu 2022 ndi malamulo oletsa mabwato kulowa m'gombemo.

Mkangano unabuka pa Rwanda. Ku Volcanoes National Park banja limodzi la magorila limaonedwa ndi anthu asanu ndi atatu okha pa tsiku, kwa ola limodzi, ndipo chilolezo cha mlendo wakunja ndi madola 1,500 kuyambira mu 2017. Eni makampani anayamikira kuti alendo ndi ochepa koma ndalama ndi zambiri. Ena anati kuchepetsa anthu ndi mtengo ndi kusankha olemera. Maganizo anga ndi oti chomwe chikuteteza magorilawo ndi malire a anthu ndi ola limodzi lija. Mtengo ndi nkhani ina, ndipo tisamaphatikize ziwirizi tikamakambirana ndi oyang'anira paki.

Gawo lomwe linatikhudza ife mwachindunji ndi la Maasai Mara ku Kenya. Kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti nyama zazikazi za cheetah (nyama yaliwiro yofanana ndi kambuku) zokhala kumene magalimoto a alendo amachuluka zimakulitsa ana ochepa poyerekeza ndi za kumalo a bata. Nanga magalimotowo amadziwa bwanji pomwe pali nyama? Ndi madalaivala ndi otsogolera alendo, kuitanana pa wailesi. Apa m'chipinda munali kuyang'anana, chifukwa aliyense amadziwa kuti mlendo akaona nyama pafupi amapereka kangachepe kabwino.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tigwirizane tokha chiwerengero cha magalimoto pa nyama imodzi ndi mphindi zoimapo, tisanachite kuikiridwa lamulo. Tisinthenso fomu yathu: tizifunsa mlendo magalimoto omwe anaona pamalo amodzi, nthawi yomwe anadikira, ndiponso ngati angabwerenso m'mwezi womwewo. Funso lomwe ndasiyira inu, poti ku msonkhano silinayankhidwe, ndi la chilango cha membala wophwanya mgwirizanowu, komanso chochita ndi madalaivala omwe sali m'bungwe lathu.

Ine nthumwi yanu.