Usakawerengere anthu khoma

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno ku Santhe tili bwino, kungoti bondo la mayi ako lija silikuwapatsa mtendere. Mchimwene wako wandionetsa pa foni masilaidi amene iweyo wakonzera msonkhano wa alimi a mtedza ku Mchinji. Ndawerenga onse, maso mpaka kuwawa. Ntchito wagwira, koma mawu wathithikiza ngati fodya m'belo. Okhala kumbuyo kwa holo sakaona kanthu, akutsogolo akatanganidwa ndi kuwerenga khoma, iwe n'kumangolankhula wekha.

Ndili mlangizi zinandionekerapo. Nthawi imene tinkaphunzitsa kabzalidwe ka chimanga ka Sasakawa, ndinapita kumudzi wina cha ku Chamama ndi chipepala chachikulu nditalembapo bwinobwino kuti mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi pa phando. Ndinalankhula ola lathunthu pansi pa mtengo wa mango. Anthu anaomba m'manja, amfumu anathokoza. Mvula itagwa ndinakapeza abzala mwakale, njere zitatu pa phando. Gogo wina anandiuza mosapsatira kuti sentimita wangayo sanamuonepo chibadwire. Ndinachita manyazi mpaka kunyumba.

Chaka chotsatira chipepala ndinachisiya. Ndinadula timitengo tiwiri, kena ka 75, kena ka 25, n'kulowa nawo anthu m'munda. Feteleza tinkayesa ndi kachitsekerero ka botolo. Aliyense anagwira kamtengo, n'kukadula kake kofanana.

Ndiye iwe nkhani yako ndi ya chuku, sichoncho? Tenga mbale ziwiri, ina ya mtedza wouma bwino, ina ya wachuku, ziyende m'manja mwa anthu usanayatse n'komwe pulojekita. Akaununkhiza okha, pamenepo uwafunse kuti ndani amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa. Akaseka, chifukwa ambiri amatero, ndipo apo ndi polowera pako. Mawu akuti aflatoxin ukawatchule kamodzi, kenako uzingoti poizoni wa chuku amene amawononga chiwindi.

Tebulo la manambala lija chotsa. Silaidi iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi ndi chithunzi chimodzi chachikulu, makamaka cha minda ya komweko. Ndipo usawapatse anthu nkhongo. Ndimakudziwa, ukachita mantha umathamangitsa mawu ngati ukuthawa mvula, unali choncho kuyambira ku pulayimale. Lonjera amfumu ndi akuluakulu mwaulemu wake, puma, uyang'ane munthu wakumapeto kwenikweni, ulankhule kuti iyeyo amve.

Magetsi usawadalire. Nyamula mapepala a flip chart ndi mamaka awiri akuda, ofiira saoneka patali. Madzulo ake uyeserere pamaso pa bambo a kunyumba kwako, pamene ayambe kuyasamula pamenepo udule.

Mayi ako akupereka moni. Akuti mtedza wabwino akutumizira pa minibasi Lachinayi, koma wachukuwo ukapemphe kwina, m'nkhokwe mwawo mulibe.

Ndine,
Bambo ako