Mlakatuli mukamuone pakhomo pake

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya alakatuli, popeza nthawi zambiri tsamba lanu la zaluso likamanena za iwo limawaonetsa ali pansanja, chimkuzamawu chili kukamwa, anthu akuwomba m'manja, ngati kuti mlakatuli amabadwa Loweruka madzulo n'kumwalira Lamulungu m'mawa. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala ku Chilomoni kuno ku Blantyre, m'munsi mwa phiri la Michiru, ndipo ndakhala ndikulemba ndakatulo za Chichewa kwa zaka zoposa 30. Masiku amene ndinaima pamaso pa anthu kulakatula, mutawaphatikiza onse, sangakwane miyezi iwiri. Masiku ena onsewo ndinali pakhomo, ndipo ndi za masiku amenewo zimene ndikufuna kunena.

Chandichititsa kulemba ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kale, yemwe anabwera kudzandiona mwezi wathawu ali wokhumudwa. Iye anati amafunitsitsa kukhala mlakatuli koma alibe cholemba, chifukwa palibe chachikulu chimene chinamuchitikirapo: sanamangidwepo, sanathawepo m'dziko, ndipo ngakhale chibwenzi chake chikuyenda bwinobwino. Ndinaseka, koma ndikudziwa kumene maganizo otere amachokera. Mbiri ya ndakatulo m'dziko muno ndi yolemera ndi masautso. A Jack Mapanje anatsekeredwa kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo a David Rubadiri anatula pansi udindo wa ukazembe mu 1965 n'kukhala zaka zambiri kunja. Anthu amenewa tiyenera kuwalemekeza, ndipo ine sindingayerekeze kudziika pamzere umodzi ndi iwo. Koma tikamangofotokoza mbali yokhayi, achinyamata amayamba kuganiza kuti cholembera chimafuna unyolo kuti chiyende, ndipo amanyoza zimene zili pamphuno pawo.

Tsiku langa limayamba tambala wachiwiri akalira. Ndimayatsa mbaula ndekha, chifukwa mayi akunyumba anagwira kale ntchito imeneyi zaka zokwanira, n'kutereka madzi a tiyi ndi kampoto ka mbatata kapena chinangwa. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikatsika n'kuphimba Michiru yense, ndimakhala pakhonde nditafunda bulangete, mapazi ali pafupi ndi moto, kope la ana asukulu lili pamiyendo. Sindilemba msanga. Ndimayamba ndamvetsera kaye: tsache la mayi woyandikana nafe likukwecha pabwalo, zidebe zikugundana panjira yopita kumpopi, pumbwa akukangana mumtengo wa papaya, woitanira minibasi akukuwa kumsewu kuti kwatsala munthu mmodzi pamene aliyense akudziwa kuti mipando isanu ili mbee. Mzere woyamba wa ndakatulo kawirikawiri umachokera m'phokoso limeneli, ndipo ukabwera ndimaulemba mwachangu tiyi asanazizire. Tsiku lina sipabwera kanthu, ndipo ndimangodya mbatata yanga n'kukathirira mpiru kuseri kwa nyumba. Limenelonso sindiliyesa tsiku lotayika.

Woweruza wanga wamkulu si pulofesa wa ku yunivesite ayi, koma mayi akunyumba. Ndimawawerengera zimene ndalemba iwo akuphika nsima, ndipo ndinazindikira kalekale kuti mzere wabwino umayenda limodzi ndi mthiko. Ukatalika mopitirira, mpweya umandithera iwo asanamalize kuvundula, ndipo ndimadziwa kuti pali mawu ofunika kudula. Nthawi zina amaima, mthiko uli m'manja, n'kunena kuti, "Bambo, mawu amenewo ndi a m'buku, munthu wamoyo sayankhula choncho." Zimapweteka, koma sanalakwitsepo. Ndipo n'zosadabwitsa, pakuti ndakatulo za m'dziko muno zinayambira m'manja mwa amayi, makina osindikizira mabuku asanafike. Nyimbo za pamtondo zinali ndakatulo zenizeni, zokhala ndi kayendedwe kake kochokera ku munsi, ndipo mmenemo mayi ankadandaula za mwamuna waulesi, za apongozi olongolola ndi za mkazi mnzake, mudzi wonse ukumva koma popanda womuimba mlandu. Nyimbo zotonthozera mwana, zolimira ndi za pamaliro zinabadwiranso pakhomo pomwepo. Alakatuli amene tinawawerenga ndi kuwamva, monga a E.J. Chadza ndi a Benedicto Wokomaatani Malunga, amakoma m'khutu chifukwa Chichewa chawo chimanunkhira utsi wa pamoto.

Dzuwa likakwera ndimapita kumsika, ndipo pano ndiulule kuti ndimachedwa dala. Ndimapita kukagula bonya ndi tomato, koma ndimabwerako ndi mawu. Mayi wogulitsa nkhwani akamanenerera malonda ake, kapena kondakitala akamakangana ndi munthu pa nkhani ya chenji, mumatuluka zining'a zimene simungazipeze m'buku lililonse la sukulu. M'busa David Clement Scott, yemwe anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, ndipo mawu a mmenemo anawatola pakamwa pa anthu wamba a dera lomwe lino. Ngati mlendo anaona kuti mawu a anthu athu ndi chuma choyenera kutoleredwa, ine mwini chiyankhulo ndingachite manyazi bwanji kuima pamsika ndi kapepala m'thumba? Masana ndimasewera bawo ndi anzanga pansi pa mtengo wa mango, ndipo kumeneko ndimaphunzira kudekha, chifukwa wotakata mopupuluma amadyedwa, monganso wolemba mopupuluma.

Ndisakunamizeni kuti moyo umenewu ndi wa uchi wokhawokha. Ndakatulo sinandigulirepo thumba la chimanga. Chimene chimatisunga ndi kapenshoni, kadimba ka masamba ndi nkhuku zochepa. Anthu okonza maukwati ndi misonkhano amalipira tenti, mipando ndi wa zoimbira, koma akafika kwa mlakatuli amati, "Mudzangolakatulako pang'ono, madala," n'kumuthokoza ndi botolo la chakumwa. Ndinamvaponso ndakatulo yanga ikuzungulira pa WhatsApp dzina langa litachotsedwa. Choncho pamene ndikuyamikira zokoma za pakhomo, sindikunena kuti umphawi ndi wabwino kapena kuti alakatuli azikhutira ndi kuwomberedwa m'manja. Ndikungonena kuti chisangalalo cha nsima yotentha ya nkhwani wotendera, kapena cha fungo la dothi mvula ya chizimalupsa ikagwa, si chinthu chonyozeka chimene mlakatuli ayenera kubisa kuti aoneke wozama.

Phunziro limeneli linandilowa kwenikweni mu March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Alakatuli ambiri analemba za imfa ndi za misozi ya fuko, ndipo anachita bwino. Ine ndinayesa koma cholembera chinakana. Tinasunga m'nyumba mwathu mlamu wanga wina amene anapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha, ndipo patapita masiku angapo ali chete, chinthu choyamba chimene anadandaula sichinali malata kapena mipando, koma chipande chimene amayi ake anamupatsa pa tsiku la ukwati wake. Anati nsima yoomoledwa ndi chipande cha eni sikhala ndi maonekedwe a kwawo. Ndakatulo yokhayo imene ndinalemba ya tsoka lija ndi ya chipande chimenecho, ndipo nditaiwerenga pa mwambo wina wa kutchalitchi, amayi amene anataya katundu wawo anabwera mmodzimmodzi kudzanditchulira zawo: wina lichero, wina mpando wa malemu mwamuna wake, wina kapu yothyoka chogwirira imene mwana wake ankamwera phala. Palibe amene anatchula mtengo wa zinthuzo.

Madzulo magetsi akazima, zimene sizichitika kamodzi, adzukulu amasiya mafoni n'kubwera pamkeka. Ndikangoti "Ndagi!" iwo amayankha "Gize!" ndipo ndikayamba nthano amavomera kuti "Tili tonse." Wamng'ono kwambiri, amene kusukulu kwake amamuletsa kuyankhula Chichewa ngakhale chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndiye amafunsa mafunso ovuta. Tsiku lina anati, "Agogo, n'chifukwa chiyani moto umalira ukamadya nkhuni?" Funso limenelo ndinagona nalo, ndipo m'mawa mwake linali ndime yoyamba ya ndakatulo imene sindinaimalizebe mpaka lero.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, lili pawiri. Mutipatse kangodya m'nyuzipepala yanu sabata iliyonse kosindikizamo ndakatulo zazifupi za Chichewa zonena za zinthu wamba, kuti mnyamata ngati uja anabwera kwa ine aone kuti mbaula ya amayi ake ndi mutu wokwanira. Ndiponso mukamatuma mtolankhani kukacheza ndi mlakatuli, asamangomudikirira pakhomo la holo. Apite ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri, akamupeze akukonza mpanda kapena akuchapa kolala ya malaya ake, akafunsenso a m'nyumba mwake mmene amakhalira naye munthu woyankhula yekha pakhonde. Akafuna kuyambira kwa ine, akwere minibasi ya ku Chilomoni m'mamawa ndithu, afike 6 koloko isanakwane, chifukwa ikapitirira pamenepo adzukulu amakhala atamaliza mbatata yonse.

Mphunzitsi wopuma ntchito,
Chilomoni, Blantyre