Maliro akatha, ana otsala pasukulu awasamala ndani?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani imene ambiri timaopa kuitchula, ya zimene zimachitikira ana otsala pasukulu mnzawo akadzipha. Teremu yathayi, pasukulu ina ya sekondale kuno ku Mzuzu, pamene pamaphunzira mwana wanga, mnyamata wa Fomu 3 anadzipha. Aphunzitsi anachita zonse zimene mwambo umafuna: anasonkha chipepeso, anapeza lole, anaperekeza maliro mpaka kumudzi. Lolemba lake belu linalira monga mwa masiku onse, mphunzitsi wamkulu anauza ana pa asembule kuti alimbe mtima, kenaka onse analowa m'kalasi, makope a malemuyo akadali m'desiki. Mwana wanga, amene ankakhala naye desiki imodzi, anatha milungu iwiri akusowa tulo, koma panalibe amene anamuitanira pambali kuti amve za kumtima kwake.

Sindikuimba mlandu aphunzitsi. Sukulu zathu zambiri zilibe katswiri wa zamaganizo, ndipo amene timamutcha mphunzitsi wa uphungu nthawi zambiri amakhala wa Life Skills kapena phunziro lina, amene anangosenzetsedwa udindowu pamwamba pa makalasi ake ndi mulu wa mapepala ofunika kuchonga. Amatha kulangiza mwana wojomba kapena wosuta, koma tsiku la imfa yotere nayenso amakhala kakasi.

Pali zinthu zimene munthu wotereyu ayenera kuzidziwa tsokalo lisanagwe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti kufalitsa mwatsatanetsatane njira imene munthu wadziphera kungathe kukankhira ena amene ali kale pamavuto kuchita zomwezo, komatu kwathu kuno nkhaniyi imayenda pa WhatsApp dzuwa lisanalowe. Ayenera kudziwa kuuza ana uthengawu m'magulu ang'onoang'ono, kupeza anzake apamtima a malemuyo ndi ogona nawo kuhositelo n'kumacheza nawo kwa milungu ingapo, kuitana makolo awo, ndiponso kufunsa mwana mosapsatira ngati akuganiza zodzipha, pakuti funso limeneli silidzala ganizolo mwa iye monga ambiri timaopera.

Chondiwawa n'chakuti thandizo lili pakhomo pomwe. Kuno ku Mzuzu tili ndi St John of God, kumene amasamalira odwala matenda a maganizo komanso kuphunzitsa aphungu, pamene anthu a m'maboma ena amayenda mtunda wautali kukafika ku Zomba Mental Hospital. Ndikupempha Unduna wa Zamaphunziro, kudzera ku ofesi yake ya chigawo cha kumpoto, kuti ugwirizane ndi akatswiriwa aphunzitse aphunzitsi awiri pasukulu iliyonse pamodzi ndi amatironi, ndipo mphunzitsi wamkulu aliyense akhale ndi ndondomeko yolembedwa yonena amene angamuimbire foni tsiku loyambalo. Nambala yaulere ya 116, yothandiza ana, imatidwe pakhomo la kalasi ndi la hositelo iliyonse, pamene mwana angaione popanda kufunsa munthu.

Kholo lokhudzidwa,
Chibavi, Mzuzu