Tisamangirire mwala ku nsengwa ya ng'ombe

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi alimi anzanga kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ambiri timaichitira manyazi ngakhale kuti ndi imene imatidyetsa. Ndine mlimi wa ng'ombe za mkaka, ndipo chandilembetsa kalatayi ndi zimene ndinaona m'khola la mnansi wanga dzinja lapitali. Ng'ombe yake inaswa bwinobwino usiku, mwana wake anaimirira n'kuyamwa, koma pofika madzulo a tsiku lotsatira nsengwa, imene ena amati nsapo, inali ikulendewerabe kumbuyo. Anthu ofuna kuthandiza anatenga chingwe cha khonje n'kumangirira mwala kunsengwako kuti kulemera kwake kuikoke. Nsengwayo inadukadi, aliyense anapumira m'mwamba, koma patatha masiku atatu ng'ombeyo inasiya kudya, mkaka unatsika, ndipo kumbuyo kwake kunkatuluka zamadzimadzi zonunkha moti munthu sukanatha kuima pafupi. Mlangizi wa ziweto anaipulumutsa, komabe mpaka lero sinatengenso bere.

Amene anamanga mwalawo sanali ndi mtima woipa, kungoti sanaonepo mmene m'kati mwa ng'ombe yaikazi mulili. Ambirife timaganiza kuti chiberekero ndi thumba losalala limene nsengwa imangokhalamo momasuka, pamene zoona zake si zimenezo. Chiberekero cha ng'ombe chili ndi nthambi ziwiri zopindika ngati nyanga za nkhosa yamphongo, ndipo mwana amakulira m'nthambi imodzi. M'kati mwake muli tinthu totumphuka ngati tibowa, pafupifupi 100, ndipo nsengwa imagwira pa kalikonse monga mmene batani limagwirira malaya. Pamenepo ndi pamene mwana amalandirira chakudya ndi mpweya kuchokera m'magazi a mayi wake kwa masiku pafupifupi 283 a bere. Ng'ombe ikaswa, mabataniwa amamasuka okha limodzilimodzi, nthawi zambiri pasanathe maola 12. Akachedwa kumasuka, mwala sumasula batani ngakhale limodzi, koma umadula nsengwa pakati, zidutswa n'kutsalira m'kati momwe zimaola, kapena umavulaza khoma la chiberekero n'kutsegulira njira tizilombo toyambitsa matenda. Mbuzi ndi nkhosa nazo zinalengedwa chimodzimodzi.

Choyenera n'kusaikoka. Mbali yolendewerayo ikhoza kufupikitsidwa kuti isakwekwereke m'ndowe, ng'ombeyo ikhale pouma, ipatsidwe madzi ndi chakudya, ndipo mlangizi aitanidwe, makamaka ikayamba kutentha thupi kapena kukana msipu. Wogwira zinthu zimenezi avale magolovesi, kapena mapepala a pulasitiki akasowa magolovesiwo, chifukwa matenda otchedwa brucellosis, amene amapolozetsa ng'ombe bere litakula, amalowanso mwa munthu kudzera mu nsengwa, mwana wopolozedwa ndi mkaka wosawiritsa.

Tibowa tomweti timaphetsanso ng'ombe mwa njira ina. Nthawi zina ng'ombe ikavutika poswa, chiberekero chonse chimatembenuka n'kutuluka kunja, chofiira, cholemera, tibowa tonse tili poyera. Munthu wosadziwa amayesa kuti ndi zotupa za matenda n'kuyamba kutithothola, ndipo ng'ombe imataya magazi ambiri. Apa mpamene pamafunika kuchifunditsa nsalu yoyera yonyowa, kuthamangitsa agalu ndi nkhuku, n'kuitana mlangizi nthawi yomweyo ngakhale pakhale pakati pa usiku.

Pakati pa chiberekero ndi njira yotulukira mwana pali khomo la chiberekero, lolimba ngati khosi la nkhuku, lokhala ndi mikombero itatu kapena inayi m'kati mwake. Ng'ombe ikakhala ndi bere khomoli limatsekedwa ndi chinthu chomata ngati ulimbo, ndipo limatseguka mokwanira pokhapokha nthawi yoswa ikakwana. N'chifukwa chake anyamata amphamvu amene amathamangira kukoka mwana ndi zingwe atangoona ziboda amatha kung'amba khomoli ndi kulemaza mkota wabwino. Khomo lomweli limamasuka pang'ono ng'ombe ikamafuna nkhunzi, zimene zimachitika pafupifupi masiku 21 aliwonse ndipo sizitha tsiku lathunthu. Dzira limatuluka m'thumba la mazira patapita maola angapo chilakolakocho chitatha, n'chifukwa chake alangizi amatiuza kuti ng'ombe imene yaonetsa zizindikiro m'mawa ipatsidwe umuna madzulo, ndipo ya madzulo ipatsidwe m'mawa mwake. Ife a kuno ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, amene ambiri timasunga ng'ombe imodzi kapena ziwiri m'khola osazitulutsa kudambo, tilibe ng'ombe zina zoti ziikwere kuti tizindikire msanga. Timadalira maso athu: kulira kosalekeza, kutupa kwa kumbuyo, ndi chikazi choyera chotamuka ngati choyera cha dzira chimene chimamatirira kumchira. Ukaphonya tsikulo wataya masabata atatu, koma ng'ombeyo ikudyabe nsenjere ndi madeya tsiku lililonse.

Ndichenjezenso magulu amene amapatsirana misoti. Ng'ombe ikaswa mapasa, wina wamwamuna wina wamkazi, magazi awo amakhala atasakanikirana m'chiberekero, ndipo mwa misoti 10 yobadwa chotero pafupifupi 9 imakhala ndi ziwalo zoberekera zosakhwima, moti sibereka. Kupatsa mlimi mnzako msoti wotero n'kumudyetsa ntchito ya zaka ziwiri pachabe, choncho alembi a magulu azilemba m'kaundula msoti uliwonse wobadwa mapasa ndi wamwamuna.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti zonsezi si zovuta kumva, koma timaziphunzitsana mozemba. Pamsonkhano wa gulu lathu la mkaka, pamene pamakhala apongozi ndi akamwini, mphunzitsi akafika pa ziwalo zimenezi amathawira ku Chingerezi, anthu n'kuwerama, nkhani n'kudutsa. Chonsecho amayi, amene amakama m'bandakucha ndi kupala ndowe, ndiwo amayamba kuona zizindikiro, ndipo ambiri a iwo Chingerezicho sachimva. Mawu aulemu tili nawo kale. Kuchipatala cha anthu timanena poyera za khomo la chiberekero popanda wina kugwetsa nkhope, ndiye palibe chifukwa chochitira manyazi ndi mawu omwewo tili pakhola.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti patsamba lanu la zaulimi musindikize chithunzi chojambula pamanja cha chiberekero cha ng'ombe ndi cha mbuzi, chiwalo chilichonse chitalembedwa dzina lake m'Chichewa, kuti tichimate pakhoma pamalo osonkhanitsira mkaka. Kwa alangizi a ziweto ndi ophunzira za udokotala wa ziweto ku Bunda, ndikupempha kuti pobwera kudzatiphunzitsa azidzera kophera nyama, atenge chiberekero chimene chikanaponyedwa kwa agalu, adzachiyale pa tsamba la nthochi n'kuching'amba tonse tikuona. Mnansi wanga uja wanena kale kuti adzakhala kutsogolo, kuti adzawerenge yekha tibowa timene mwala wake unkakoka.

Mlimi wa ng'ombe za mkaka,
Thyolo