Lipoti la msonkhano: khungu lopangidwa ndi makina

A pampando, akomiti ndi mamembala nonse a gulu lathu losamalira odwala khunyu kuno ku Dedza, zikomo pondituma ku msonkhano wa azaumoyo ku Blantyre. Nkhani zinalipo zambiri, koma imene ndagwiritsa ndi ya khungu lopangidwa ndi makina, chifukwa ikukhudza abale athu amene amagwera pambaula matenda akawagwira, makamaka mu Juni ndi Julaye kuno kukazizira.

Pakadali pano munthu akapsa kwambiri, madokotala amasenda khungu pantchafu pake n'kuliphimba pabalapo, monga amachitira ku Queen Elizabeth. Koma akapsa mbali yaikulu ya thupi, posenda pamasowa.

Ndiye akatswiri akuyesa njira ina. Amatenga maselo (tizigawo ting'onoting'ono tamoyo topanga thupi) ochepa a khungu la wodwalayo, kuwachulukitsa mu labotale, kenako kuwasakaniza ndi chinthu chotchedwa hydrogel. Kuti mumvetse, ganizani msuzi wa mang'ina utagona usiku wozizira n'kugwirana: madzi okhaokha, koma osayenderera. Ma hydrogel ambiri madzi ake amaposa magawo 90 pa 100 aliwonse, n'chifukwa chake maselo amakhalamo amoyo. Ena amapangidwa ndi gelatin, yochokera kuzikopa ndi mafupa a nyama. Ena ndi alginate ya mundere za m'nyanja yamchere, imene imalimba ikakumana ndi calcium. Enanso ndi fibrin, yomwe ija imagwiranitsa magazi pabala. Makina opangira khunguwo amafinya hydrogel yosakaniza ndi maseloyo kudzera pakachibowo kakang'ono, kuyala mzere pamwamba pa mzere, maselo a mkati mwa khungu pansi, akunja pamwamba. Chovuta n'chakuti ikalimba kwambiri maselo amavulala pofinyidwa, ikafewa kwambiri imaphwasuka isanagwire.

Ku yunivesite ya Wake Forest, m'dziko la America, analengeza mu 2019 za makina osindikiza khungu pabala penipenipo, atawayesa pa mbewa ndi nkhumba. Ku yunivesite ya Toronto anapanga ogwira m'manja mu 2018.

Komabe musakauze odwala kuti zafika. Khungu limeneli silinafanane ndi lathuli: kuikamo mitsempha ya magazi kukuvutabe, ndipo popanda mitsempha maselo a mkati amafa ndi njala. Zotulutsa thukuta ndi tsitsi nazonso n'chimodzimodzi. Chinandikhudza kwambiri ine ndi mtundu. Popanda maselo otchedwa melanocytes khungulo limatuluka loyezuka, ndipo tonse tikudziwa mmene mtsikana wa chipsera kumaso amabisalira kuseri kwa mpango. Mtima unakhalako pansi nditamva kuti ofufuza ayamba kuwaikamo.

Pa zomwe tingachite lero, anatikumbutsa kuti wopsa timuthire madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, kenako tithamange naye kuchipatala. Mazira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano asayandikire pabala.

Ndikupempha kuti pamsonkhano wathu wotsatira tikambirane zotchingira mbaula m'makomo mwa odwala athu, komanso tisankhe anthu oyendera amene akudumphitsa mankhwala chisanu chisanayambe.