Kuthokoza pa ntchito ya pulinta ya bungwe lathu la zamaliro

Mufakose, Harare

Kwa a Bwana Oyang'anira,

Ndalemba m'Chichewa dala, chifukwa mnyamata amene munatitumizira uja atangomva tikulankhulana anatiyankha m'chinenero chathu, n'kutiuza kuti agogo ake anachokera ku Dedza. Akuwerengerani ndi iyeyo.

Ine ndine msungichuma wa bungwe la zamaliro la anthu akumudzi kuno. Mayina a mamembala ndi zosonkha zawo timazisunga m'pulogalamu yakale ya DOS, ndipo malisiti amatuluka pa pulinta ya Epson LX-300, ija yolira ngati nyenje. Achinyamata amaiseka, koma singano zake 9 zimamenya riboni mwamphamvu moti lisiti limatuluka pamodzi ndi makope ake a kaboni: lina la membala, lina la ine, lina la mlembi. Pa nkhani ya ndalama za maliro, mapepala atatuwa ndiwo amatseka pakamwa mikangano.

Kompyuta yathu itapsa tinagula ina, koma kumbuyo kwake kunalibe polowetsera chingwe cha pulinta cha mapini 25. M'tauni anatigulitsa chingwe chokhala ndi USB mbali imodzi, n'kutilonjeza kuti zatheka. Tsamba loyesera la Windows linatulukadi bwinobwino, koma pulogalamu yathu inakana ngakhale kutseguka. Miyezi iwiri ndinalemba malisiti pamanja, ndipo gogo wina anandibwezera lake, amvekere: "Ili si la bungwe ili, ndi lanu."

Mnyamata wanu sanafulumire kutiuza kuti tigule zatsopano, monga anachitira ena awiri. Anayamba wafotokoza kuti Windows 10 ya 64-bit siyendetsa mapulogalamu a DOS, n'kutiikira ya 32-bit, atakopera kaye mayina onse pena. Pulogalamu inatseguka, koma pulinta inali duu. Apa ndi pamene anandikhazika pampando. Anati pulogalamu yathu imadziwa khomo limodzi lokha, lotchedwa LPT1, pamene Windows imaona chingwe chatsopanocho ngati USB001. Ndiye kuti kalata inkapita ku nyumba imene inagwetsedwa kale. Anakonza mu Windows kuti pulintayo igawidwe ngati ya pa netiweki, kenako analemba lamulo loyamba ndi net use LPT1, lolozera ku dzina la kompyuta yathu yomweyo ndi la pulinta, n'kumaliza ndi /persistent:yes kuti zisafufutike tikazimitsa. Pulinta itayamba kulira, amayi amene ankaphika tiyi panja analowa kudzaona.

Panatsala kavuto kena: lisiti lililonse linkachedwa masekondi 15. Ine ndinati zisiyeni, munthu wodikira miyezi iwiri sangadandaule masekondi. Iye anakana, nati tsiku losonkha mzere umatalika, ndipo anachepetsa nambala ya LPT_timeout m'kati mwa Windows, imene imauza kompyuta masekondi oti idikire isanatumize lisiti ku pulinta. Anali wolondola, Lamlungu lapitali tinatulutsa malisiti onse dzuwa lisanapendeke.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi kapepala kamene anamata m'kati mwa chitseko cha kabati, kolembedwa pamanja, kosonyeza lamulo lija ndi zochita likadzasokonekera. Anatilangizanso mosabisa kuti tiyambe kusamutsira mayina ku pulogalamu yatsopano pang'onopang'ono, ndipo komiti ikambirana zimenezi mwezi wamawa. Tikagwirizana, tidzapempha kuti mutitumizire yemweyo.

Mutithokozere kwa iye, ndipo inunso zikomo kwambiri. Nsima imene anakana chifukwa chothamangira ntchito ina ikumudikirabe.

Ine wanu,
Msungichuma, m'malo mwa komiti yonse